Chitsekerero cha nambala 27

Pashelefu ya m'chipinda changa chochezera ku Harare pali chitini chakale cha mkaka waufa, ndipo m'katimo muli zitsekerero za mabotolo 89. Zimayenera kukhala 90. Chimodzi chili pafamu ina kufupi ndi Mvurwi, chomangidwa pangodya ya mpango wa agogo ena aakazi, ndipo sindiyembekeza kuti chidzabwereranso. M'mene chinafikira kumeneko ndi nkhani imene ndikufuna kukusimbirani, ngakhale kuti ndi yondichititsa manyazi.

Ntchito yanga m'bungwe lathu ndi yofalitsa nkhani. Ndimajambula zithunzi, kulemba malipoti ndi kukonza timapepala ta uthenga timene alangizi amanyamula popita kumadera. Mwa magulu onse amene tinkayendera, okondedwa anga anali a okalamba a m'makomboni a mafamu a ku Mashonaland: ku Banket, Trelawney ndi Karoi chakumadzulo, komanso ku Mvurwi, Concession, Glendale ndi Shamva chakumpoto. Ndinene zoona, chimene ndinkawakondera poyamba n'chakuti nkhope zawo zinkaoneka bwino pachithunzi. Makwinya ndi imvi zimakopa opereka thandizo kuposa mawu alionse amene ndingalembe.

Ambiri mwa okalambawa ndi matchona, kapena ana a matchona. Iwo kapena makolo awo anachoka ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Chipata ndi Angonia m'nthawi ya atsamunda, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena molembedwa ndi Mthandizi, n'kudzatsirizira mphamvu zawo m'minda ya fodya ya azungu. Chisanafike chaka cha 2000, antchito a m'mafamu m'dziko muno ankaposa 300,000. Mafamu atayamba kulandidwa ndi kugawidwa m'chakacho, ochepa okha mwa antchitowa ndi amene analandira minda. Ena anatsala m'makomboni momwemo n'kumagwira maganyu kwa eni ake atsopano, ena anabalalika. Amene anali ndi mudzi wa makolo m'Zimbabwe anabwerera kumudzi, koma mtchona akanabwerera kuti? Agogo anga aamuna anali mmodzi wa anthu otere. Anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 ndipo manda awo ali pafamu ina ku Trelawney. Bambo anga anatuluka m'komboni chifukwa cha sukulu, ine n'kubadwira m'tauni, ndipo Chichewa changa ndi cha kutchalitchi ndi cha patchuthi.

Mliri wa Covid-19 utafika, boma linatseka dziko pa 30 Malichi 2020. Koma nyengo imene inatilemera kwambiri kuntchito inali yozizira ya 2021, pamene matenda anakula ndipo maulendo a pakati pa mizinda analetsedwa kuyambira kumapeto kwa Juni. Misonkhano ya mwezi ndi mwezi ya okalamba, imene ankamwerako tiyi ndi kuyezedwa kuthamanga kwa magazi, inaima. Amayi azaumoyo a m'makomboni ankatiimbira lamya kunena kuti agogo akuti asiya kudya, agogo akuti sakutulukanso m'nyumba. Sikunali kusowa kwa ufa kokha. Munthu amene wakhala zaka 50 m'chigafa chosankhira fodya, pakati pa phokoso la anzake, sazolowera kukhala chete.

Maganizo a bingo ndinawatola pamsonkhano wina wa pa Zoom, pamene mayi wina wa ku Ulaya anafotokoza kuti amachititsa masewerawa kwa okalamba a kwawo kudzera pakompyuta. Ndinaseka chamumtima. Okalamba ake anali ndi magetsi, magalasi a m'maso ndi intaneti yosadukiza, pamene anga anali ndi foni imodzi pakomboni yonse, yotchajidwa ndi kasola kakang'ono. Komabe usiku umenewo ndinalephera kugona. Panthawiyo WhatsApp inkalola anthu 8 kuonana palamya imodzi, ndipo ine ndi makomboni 7 tinkakwana ndendende.

Kwa amene simunawaonepo masewerawa, kayendetsedwe kake n'kosavuta. Pali mtundu wa ku America wa manambala 75 ndi wa ku Britain wa manambala 90, ndipo ine ndinasankha wachiwiriwu. Munthu aliyense amakhala ndi khadi la mizere itatu lokhala ndi manambala 15. Woitana amatola nambala m'chitini osayang'ana n'kuitchula mokweza, ndipo amene ali nayo amaikapo njere ya chimanga. Woyamba kudzaza mzere umodzi amapata mphoto yaing'ono, ndipo woyamba kudzaza khadi lonse amapata yaikulu. Makhadi amapangidwa m'magulu a 6, ndipo m'gulu lililonse nambala iliyonse, kuyambira 1 mpaka 90, imapezeka kamodzi kokha. Ndinalemba magulu 5, makhadi 30, n'kuwajambula pafoni, ndipo adzukulu a m'makomboni anawakopera pamakatoni ndi makala kapena inki yakuda, manambala aakulu ngati chikhatho. Popeza kukopera kunali ntchito, tinagwirizana kuti aliyense azisunga khadi lake lomwelo sabata ndi sabata. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Tisanayambe n'komwe kunabuka mlandu. Mkulu wa mpingo wa CCAP pakomboni ina ananditumizira uthenga wakuti sangalole njuga kulowa pakhomo pa Akhristu, ndipo tsiku lotsatira mwalimu wa mzikiti wa pakomboni inanso ananena chimodzimodzi m'malo mwa Asilamu. Sindinawatsutse, pakuti kumene bingo inachokera imaseweredwadi ndi ndalama, ndipo anthu a m'mafamu akudziwa bwino zimene makhadi ndi kachasu zinkachita kumalipiro a mwezi wathunthu. Ndinafotokoza kuti palibe amene adzalipire kalikonse, kuti sopo, shuga ndi mafuta ophikira zidzachokera ku bungwe, ndiponso kuti woluza sadzataya kanthu koma njere zake za chimanga, zimene adzabwerera nazo kunyumba. Mkulu wa mpingoyo anati adzabwera kudzaonerera chabe. Anapambana mzere pa sabata yachiwiri, ndipo sopoyo sanaukane.

Loweruka loyamba linali chipwirikiti. Pakomboni iliyonse panali okalamba anayi kapena asanu, atakhala motalikirana pabwalo, nsalu zili kukamwa, mdzukulu atanyamula foni. Ku Karoi anakwera pachulu chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki inkagwira, kotero kuti ine ndinkangoona thambo ndi nsonga za mitengo. Atambala a makomboni 7 ankalira palamya imodzi. Ine ndinali nditakonzeka kuonetsa kuti Chichewa ndimachidziwa, makamaka poti malamulo aakulu a dziko a 2013 amachiwerengera pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Nditatola 67 ndinakweza mawu kuti, "Makumi asanu ndi limodzi, mphambu zisanu ndi ziwiri!" Kunali zii. Kenako bambo wina wa ku Banket, amene onse ankangowatchula kuti a Folomani chifukwa cha ntchito yawo yakale, anasendera pafupi ndi foni.

"Mwanawe, kodi ukuwerenga Baibulo kapena ukuitana manambala? Ife pasikelo ya fodya tinkati sikisite-seveni. Ukamaliza kuwerenga zakozo dzuwa likhala litalowa."

Makomboni onse anafa nalo phwete, ena mochedwerapo, malinga ndi m'mene mawuwo anawafikira. Kuchedwa kumeneku ndiko kunali vuto lenileni, ndipo alangizi anzanga amene mungafune kuyesa zimenezi muyambe mwaliganizira. Mawu anga ankafika ku Glendale nthawi yomweyo, koma ku Karoi ankafika nditatola kale nambala ina, ndipo nthawi zina sankafika n'komwe. Bingo ya m'holo imapatsa mphoto wofuula koyamba. Palamya, wofuula koyamba amangokhala amene ali pafupi ndi nsanja ya netiweki. Tsiku limenelo mayi wina wa ku Karoi anadzaza mzere pa nambala yomweyo ndi bambo wa ku Glendale, koma mfuu wake unandipeza nditalengeza kale wopambana.

Yankho silinachokere kwa ine. A Folomani anati tichite monga ankachitira poitana mayina m'mawa: ndikatchula nambala, ndiionetse pakamera, kenako komboni iliyonse iyankhe motsatana kuti "tamva", kuyambira ku Karoi mpaka ku Shamva, ndipo dzanja langa lisalowe m'chitini mpaka onse 7 atayankha. Wopambana asakhale wofuula koyamba, koma amene khadi lake ladzaza pa nambala imeneyo, ndipo akakhala awiri agawane. Masewera amene ndinawakonzera theka la ola anayamba kutenga maola awiri, ndipo mayunitsi amene ndinapempha kuofesi anachepa. Wosunga chuma wathu anandifunsa kuti zimenezi ndizilemba pansi pa mutu uti mulipoti. Ndinalemba kuti "thanzi la m'maganizo", ndipo sindikuganiza kuti ndinanama.

Chimene sindinachikonzekere n'chakuti manambalawo anayamba kupatsidwa mayina. Ndinali nditawauza mongodutsa kuti ku Britain oitana amakhala ndi dzina loseketsa la nambala iliyonse, ndipo okalambawo anaona kuti azungu sangawapose pa zimenezo. Nditatola 30, wina anafuula kuti "tikiti", chifukwa kale munthu ankalipidwa akadzaza tikiti ya masiku 30 ogwira ntchito, ndipo tsiku limene kapitawo sanakhutire silinkadindidwa. Nambala 49 inakhala "njala", kukumbukira njala ya 1949 ku Nyasaland imene inathamangitsa ambiri kubwera kuno. Nambala 53 inali "Chitaganya", 64 "ufulu wa kwathu", 80 "ufulu wa kuno". Adzukulu onyamula mafoni, amene ambiri amayankhula Chishona ndipo Chichewa amangochimva, ankafunsa kuti Chitaganya n'chiyani, ndipo masewera ankaima kaye kuti agogo afotokoze. Ndinkayang'ana wotchi, koma ndinaphunzira kusadula mawu.

Nditatola 2, panalibe amene anaseka. Mayi wina wa ku Concession anangoti "chaka chosamuka", kutanthauza 2002, pamene iye ndi anzake anatulutsidwa pafamu imene anabadwira. Atangoyankhula, mawu ena ochokera ku Trelawney anafunsa ngati ameneyo sanali mkazi wa malemu woyendetsa thalakitala wa pafamu yakutiyakuti. Anali yemweyo. Anthu awiriwa anakhala moyandikana nyumba kwa zaka zambiri, ndipo aliyense ankayesa kuti mnzake anamwalira. Malonje awo anatenga mphindi 20 za mayunitsi a bungwe, kuwerengerana amene ali moyo ndi amene anatisiya, enafe tili chete, njere zili m'manja.

Tsiku lina a Folomani anatulutsa chitupa chawo chakale chachitsulo n'kuchionetsa pakamera. "Nambala yanga m'chitini mwakomo mulibe," anatero. "Yanga ndi ziro-ziro." Manambala awiri omaliza pachitupa cha ku Zimbabwe amasonyeza boma limene makolo a munthu anachokera, ndipo pachawo panali 00, pamodzi ndi chizindikiro chakuti ndi mlendo, chikhalirecho anabadwira ku Banket. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri onga iwo anapezeka kuti si nzika ndipo sanaponye voti mu 2002. Malamulo a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dziko muno amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC, koma kusintha chitupa kumafuna ulendo wa ku ofesi ya boma ndi mapepala amene ambiri alibe. Kuyambira tsikulo 13 inakhala "chitupa", ndipo mayina 11 a ofuna thandizo losinthira zitupa ndinawalemba kuseri kwa pepala la bingo n'kukawapereka kwa anzanga oona zamalamulo.

Tsopano ndifike pa agogo a ku Mvurwi. Anali aang'ono thupi, osayankhulayankhula, ndipo maso awo anali atachita ng'ala moti khadi ankawawerengera ndi kamdzukulu kawo ka sitandade 4. Koma manambala awo 15 anawaloweza pamtima tsiku loyamba lomwelo, ndipo njere ankaika okha mopapasa. Anasankha fodya zaka zoposa 40, ndipo anandiuza kuti tsamba ankalidziwa ndi zala asanaliyang'ane. Pa Loweruka lachitatu, titamaliza, anapempha foni.

"Mdzukulu wanga, 27 uja ali m'chitinimo?"

Ndinawayankha kuti alimo, agogo, onse alimo. Iwo anati kwa masabata atatu sanamumvepo, ndipo kawiri konse khadi lawo linatsala ndi iye yekha. Pamenepo ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinawaphunzitsa masamu. Ndinafotokoza, mwaulemu wa pakamwa chabe, kuti chitini sichikumbukira, kuti nambala iliyonse ili ndi mwayi wofanana ndi inzake, kuti munthu akamadikira chinthu chimodzi amaona ngati chikumuzemba. Zonsezi ndinaziphunzira kuyunivesite ndipo n'zoona, pokhapokha ngati zitsekerero zonse zili m'chitini. Kuziwerenga kukananditengera mphindi zitatu. Sindinaziwerenge. Agogowo anangoti, "Chabwino, inu ndinu ophunzira," ndipo kusintha kwawo kuchoka pa "mdzukulu wanga" kufika pa "inu" ndinakumva, koma ndinakunyalanyaza.

Anasewera Loweruka lachinayi ndi lachisanu osapata kanthu. Lachisanu ndi chimodzi sanabwere, ndipo mayi wazaumoyo anati agogo akuti mafupa akuwawa.

Madzulo a tsiku limenelo ndinapunthwa pa galimoto yamawaya ya mwana wanga wazaka 5. Nditaitola kuti ndiichotse panjira, ndinaona kuti limodzi la mawilo ake linali chitsekerero chobooledwa pakati, ndipo m'kati mwake munali 27, wolembedwa ndi dzanja langa. Mwanayo anati anachitenga tsiku lomwe ndinkazilemba, zili patebulo kuti inki iume. Ndinakhala pansi n'kuwerengera. Makhadi 5 mwa 30 anali ndi nambala imeneyo, kutanthauza kuti kwa masabata 6 anthu 5 ankasewera masewera amene sakanatha kudzaza khadi ngakhale atasewera mpaka kubwera kwa Yesu. Anayi mwa iwo sanazindikire. Mmodzi anazindikira, nanena, ndipo ine ndinamutseka pakamwa ndi digiri.

Sindibisa kuti maganizo oyamba anali ongochiponya m'chitini mwakachetechete. Sabata yotsatira 27 akanatuluka, onse akanasangalala, ndipo masamu anga akanaoneka olondola. Ntchito yanga yonse ndi yosankha chithunzi choti chioneke ndi choti chibisike, ndipo luso limenelo ndili nalo. Chimene chinandiletsa si ukoma mtima. Ndinkadziwa kuti agogowo akanamva kulira kwa nambalayo n'kudziwa zimene ndachita, ndipo sakananena kanthu. Anthu awa anakhala moyo wonse pansi pa makalaliki amene ankalemba masiku ochepa patikiti ndi mapaundi ochepa pasikelo, n'kumati wantchito sadziwa kuwerenga. Ndikanangokhala kalaliki wina pamzere womwewo, woyankhula Chichewa chabe.

Ndinapempha mayi wazaumoyo kuti awanyengerere abwere. Loweruka lachisanu ndi chiwiri, makomboni onse atayankha moni, ndinaonetsa galimoto yamawaya ija pakamera ndi kufotokoza zonse, osasiyako ndi zimene ndinawayankha agogo aja. Ku Karoi netiweki inaduka pakati, ndipo ndinabwereza kuulula kwanga kachiwiri, zimene ndikuganiza kuti zinandiyenera.

Bingo sinaseweredwe tsikulo. M'malo mwake kunakhala bwalo la milandu, a Folomani ali pampando, mkulu wa mpingo ndi mwalimu ali nduna. Anayamba afunsa ngati mwanayo ndinamumenya, ndipo nditati ayi anati ndachita bwino, pakuti mwana anaona wilo ndipo wilo linalidi labwino. Mlandu wotaya chitsekerero anautaya, ati ngozi ilibe mwini. Mlandu umene anaugwira unali wokana kuwerenga munthu wamkulu atandipempha. Ena anati mphoto zonse za masabata 6 zibwezedwe, koma shugayo anali atamwedwa kale ndipo sopo atasungunuka, choncho mfundoyo inafa ndi kuseka. Anagamula kuti anthu 5 aja alandire aliyense botolo la mafuta kuchokera m'thumba langa, osati la bungwe, ndiponso kuti masewera asanayambe ndizitsanulira zitsekerero zonse patebulo n'kuziwerenga mokweza pamaso pa onse. Pomaliza anafunsa agogo a ku Mvurwi ngati akhutira.

Anakhala chete kanthawi, moti ndinayesa kuti lamya yaduka. Kenako anati mafuta alandira, koma chindapusa cha palamya sachidziwa. Wolakwa amabwera ndi mapazi ake, nakhala pamphasa. Anati njira zikadzatsegulidwa ndidzabwere ndi chitsekererocho, adzachigwire ndi zala zawo.

Maulendo analoledwanso mu Seputembala, koma ine ndinapeza galimoto mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pa ntchito yowokera fodya. Tinadutsa ku Mazowe ndi Concession n'kukhotera kumsewu wafumbi. Panthawiyi n'kuti masewera atapitirira masabata ena angapo ndi chitsekerero chatsopano cha 27, ndipo bambo wa ku Trelawney amene anapeza mnansi wake wakale uja anali atatisiya. Khadi lake analitenga mdzukulu wake, ndipo uthenga wa maliro unafika ku Concession kudzera palamya yathu yomweyo. Kamera ndinaisiya m'galimoto.

Ndinawapeza atakhala pakhonde la nyumba yanjerwa zosawotcha, akusenda mtedza. Ndinagwada, tinalonjerana, ndipo ndinaika botolo la mafuta pambali pawo ndi chitsekerero m'dzanja lawo. Anachitembenuza kangapo, napeza bowo limene mwana wanga anaboola ndi msomali, naseka mpaka kutsokomola. Anafunsa ngati galimotoyo tsopano ikuyenda ndi mawilo atatu. Ndinati ndinam'pezera lina. Anafunsanso za kwathu, ndipo nditatchula Dedza ndi mfunda wa agogo anga, anati amayi awo anali a ku Ntcheu, choncho ndine mwana wa pakhomo ndithu, wamwano pang'ono chabe.

Anamasula ngodya ya mpango wawo pamene ankasungira ndalama zachitsulo, naikamo chitsekererocho, namanganso mfundo ziwiri. Ndinawakumbutsa kuti m'chitini mutsala 89 ndikadzachotsamo chobwereketsa chija, chimene chinali cha mtundu wina ndipo zala zanga zinkachizindikira. Iwo anati ndilembe china chofanana ndi zinzake, koma ichi ndi chawo, pakuti anachidikira masabata 6. Kenako anaitana kamdzukulu kaja kuti kateleke madzi a tiyi, nandisunthira lichero la mtedza kuti ndiwathandize kusenda.